Kwatsala miyezi inayi, koma mtima wanga unachoka kale

Funso:

Abusa, ndili m'chaka chomaliza pa yunivesite ina kuno ku Malawi, ndipo ndine wapampando wa gulu lathu la ophunzira achikhristu. Kwatsala miyezi inayi kuti ndimalize maphunziro, ndipo chisankho cha komiti yatsopano chichitika masabata asanu ndi limodzi akubwerawa. Vuto langa ndi lakuti mtima unachoka kale. Ndikakhala pa mapemphero a Lachitatu, maganizo amakhala pa pulojekiti, pa makalata ofunsira ntchito, ndi komwe ndikakhale ndikachoka pano. Atsikana a chaka choyamba akabwera kuchipinda kwanga kudzacheza ndimaona ngati akundidyera nthawi, popeza posachedwa tisiyana. Kodi nditule pansi udindo panopa, kapena ndipirire? Nanga ndikapirira, ndichite bwanji kuti ndisangokhala chithunzithunzi pampando?

Yankho:

Achemwali, musatule pansi udindo. Masabata asanu ndi limodzi si ambiri, ndipo mukachoka lero musiyira anzanu mtolo pa nthawi yomwe iwonso mayeso awapanikiza. Zilipo zifukwa zomveka zotulira udindo nthawi isanakwane: matenda, kuona kuti maphunziro afika poti mulephera ndithu, kapena tchimo limene likufuna kuti munthu akhale kaye pansi athandizidwe. M'kalata yanu sindikuonamo chimodzi mwa zimenezi. Ndikuonamo munthu wotopa, amene waona khomo lotulukira ndipo maso ake sakuchokanso pakhomopo.

Zimenezi zimagwira pafupifupi mtsogoleri aliyense wa ophunzira. Utumiki wa pasukulu ndi wosiyana ndi wa kumpingo. Mkulu wa mpingo kumudzi atha kukhala pa udindo zaka 20, anthu omwewo, manda omwewo, mitengo ya mango yomweyo. Pa koleji digiri zambiri n'za zaka zinayi, zina monga za uinjiniya zisanu. Ndiye kuti pakatha zaka zinayi kapena zisanu, pafupifupi aliyense amene mukupemphera naye lero adzakhala atapita, ndipo mabenchi adzadzaza ndi nkhope zimene sizinamvepo dzina lanu. SCOM, bungwe la ophunzira achikhristu m'Malawi muno, inayamba mu 1961, ndipo bungwe la padziko lonse limene SCOM ili membala wake, la IFES, linakhazikitsidwa mu 1947. Taganizani kuchuluka kwa makomiti amene alowa ndi kutuluka m'zaka zonsezi, ku Zomba, ku Blantyre, ku Bunda, ku Mzuzu ndi m'masekondale osawerengeka. Magulu ngati amenewa, kaya ndi CCAPSO ya ophunzira a CCAP, YCS ya ophunzira achikatolika kapena ena, amakhalitsa chifukwa cha zimene zimachitika m'miyezi ngati imene muli inuyi. Gulu la ophunzira limafooka kapena kulimba pa nthawi yosiyirana udindo, ndipo nthawi imeneyo imagwera m'manja mwa anthu amene maganizo awo ali kale pa depoti.

Ndikufuna muwerenge nkhani ya mfumu Hezekiya pa 2 Mafumu 20. Anali mfumu yabwino, mmodzi mwa ochepa. Atadwala analira, Mulungu n'kumuwonjezera zaka 15. Kenako kunabwera alendo ochokera ku Babulo, iye n'kuwaonetsa chuma chonse cha m'nyumba mwake. Yesaya anamuuza kuti zonsezo zidzatengedwa kupita ku Babulo, pamodzi ndi ena mwa ana ake. Yankho la Hezekiya pa vesi 19 limandiziziritsa nkhongono nthawi zonse ndikaliwerenga. Anavomera kuti mawuwo ndi abwino, poganiza kuti bola m'masiku ake mukhala mtendere. Munthu amene anatembenukira kukhoma n'kulira kwambiri za moyo wake sanagwetse msozi ndi umodzi womwe za obwera pambuyo pake. Mwana wake Manase analowa ufumu ali ndi zaka 12 ndipo anamanganso malo opembedzera mafano amene bambo ake anagwetsa. Mtima wa Hezekiya ndi umene umanong'oneza wa chaka chomaliza aliyense: ine zanga ndachita, zotsalazo aziona okha. Poti mwalemba kalata, ndikuona kuti mtima umenewu mukulimbana nawo, simunaugonjere.

Paulo nayenso anali pa changu. Machitidwe 20:16 akunena kuti anafuna kukafika ku Yerusalemu pa Pentekoste, n'chifukwa chake analambalala Efeso. Koma ali ku Mileto anaitanitsa akulu a mpingo wa ku Efeso, ndipo zimene anawauza ndi zimene ndimapempha komiti iliyonse yotuluka kuti iwerenge pamodzi. Anawakumbutsa za zaka zitatu zimene anakhala nawo, kuti anaphunzitsa poyera ndi m'nyumba m'nyumba. Anawachenjeza za mavuto amene akubwera, ena ochokera pakati pa iwo omwe. Ananena poyera za ndalama, kuti sanasirire siliva, golide kapena chovala cha munthu. Kenako anagwada nawo pansi n'kupemphera, analira, n'kumuperekeza ku ngalawa. Ndipo anakweradi ngalawayo. Sanakakamire.

Tsono tiyambe ndi chimene chikukusowetsani tulo, pulojekiti. Musaione ngati mdani wa utumiki. Makolo kapena abale anu anagulitsa chimanga, fodya kapena mbuzi kuti mufike pomwe mulipo, mwinanso muli ndi ngongole ya boma yoti mudzabweze. Wapampando amene walemba sapu (mayeso obwereza) kapena kubwereza chaka chifukwa ankagona m'mapemphero a usiku wonse sanalemekeze Mulungu ndi zimenezo, ndipo aphunzitsi osapemphera amazikumbukira nkhani zotere kwa zaka zambiri. Tengani pepala lero. Lembani masiku onse amene sukulu yakuikirani: lopereka pulojekiti, lokaikira kumbuyo zimene mwalemba, la mayeso. Mukatero lembani maola amene mungapereke ku gulu pa sabata popanda kudzinamiza. Ngati ndi asanu, ndi asanu. Kenako kauzeni a komiti yanu poyera. Chimene chimapweteka anthu si kuchepa kwa maola. Chimawapweteka n'chakuti wapampando walonjeza kubwera ndiye sanabwere, foni sakuyankha, uthenga wa pa WhatsApp wauwerenga koma ali chete. Mapanga awiri avumbwitsa: mukakhala ku laibulale mtima ukukutsutsani za gulu, mukakhala ku gulu mtima uli ku laibulale, ndiye konsekonse mukunyowa. Ikani malire, kuti ola la mapemphero likhale la mapemphero, foni ili m'chikwama.

Pa maola ochepawo, musayambe chinthu chatsopano. Apampando ambiri akaona kuti nthawi yatha amafuna chikumbutso: msonkhano waukulu wachitsitsimutso, kwaya yojambula nyimbo, zida zatsopano zoimbira. Amaitana mlaliki wotchuka, amabwereka zokuzira mawu, amalonjeza kulipira "zopereka zikalowa", ndipo ngongole imagwera komiti imene sinakhalepo pokambirana. Davide anafunitsitsa kumanga kachisi, Mulungu anamukaniza. Chimene anachita, malinga ndi 1 Mbiri 22, ndi kusonkhanitsa miyala, chitsulo, mkuwa ndi mitengo ya mkungudza kuti Solomo adzapeze zili pafupi. Ngati muli ndi loto lalikulu la gulu lanu, lilembeni, sonkhanitsani zimene mungathe, muwasiyire. Akafuna adzamanga, akapanda kufuna ndi ufulu wawo.

Pano ndiulule zanga. Nditamaliza udindo ngati wanuwu, zaka zambiri zapitazo, ndinanyamuka ndi buku la ndalama za gulu m'sutikesi. Sindinabe kanthu, ndinangoiwala, chifukwa tsiku lomaliza mayeso maganizo anga onse anali pa basi. Kumudzi kwathu kunalibe foni. Komiti yatsopano inatha pafupifupi teremu yonse isakudziwa kuti ndani ali ndi ngongole ku gulu, ndiponso kuti gulu lili ndi ngongole kwa ndani. Siginecha yanga inali idakali ku banki, kotero sakanatha kutapa ngakhale tambala. Amene anavutika kwambiri anali msungichuma wathu wakale, mnyamata wokhulupirika wa chaka chachitatu, chifukwa anthu anayamba kunong'onezana kuti wadya ndalama. Mpaka lero ndikakumana naye ndimachita manyazi, ngakhale iye amangoseka. Maulaliki anga onse a chaka chimenecho palibe amene akuwakumbukira, koma nkhani ya buku lija ena akuidziwabe.

N'chifukwa chake pa nkhani ya ndalama ndi katundu ndikhalitsapo. Chisankho chisanachitike, inu, mlembi ndi msungichuma khalani pansi ndi a patironi, kapena ndi wogwira ntchito wa bungwe lanu ngati alipo m'dera lanulo. Werengani zonse. Ndalama zili ku banki ndi zingati, zili m'manja ndi zingati, zili pa Airtel Money kapena Mpamba ndi zingati, ndipo nambala imeneyo inalembetsedwa m'dzina la ndani. Ili ndi dzenje limene magulu ambiri akugweramo masiku ano: zopereka zimalowa pa nambala ya munthu, munthuyo n'kumaliza sukulu, simu khadi n'kupita naye kwawo. Kusintha osayinira ku banki kumafuna kalata ndi maminitsi a msonkhano wa chisankho, ndipo sikuchitika tsiku limodzi. Yambani sabata lomwelo la chisankho, inu mudakali pasukulu, kuti ngati banki ikufuna muonekere muthe kupita. Lembani katundu yense: kiyibodi, magitala, mamaikolofoni, zingwe, mabuku a nyimbo, makiyi a kabati, ndipo mulembenso chimene chili chowonongeka ndi chimene chinabwerekedwa osabwezedwa. Mawu achinsinsi a imelo ndi tsamba la Facebook la gulu aperekedwe. Kalata imene akuluakulu a sukulu anakulolezani kugwiritsa ntchito chipinda chopemphereramo ikhale m'fayilo, ndipo wolowa m'malo mwanu mupite naye nokha ku ofesi yoona za ophunzira, akamudziwe nkhope.

Wina anena kuti izi si zauzimu. Samueli potsanzikana ndi Aisraeli, pa 1 Samueli 12, anayamba ndi kufunsa kuti analanda ng'ombe ya yani, bulu wa yani, analandira chiphuphu kwa yani. Paulo potumiza zopereka ku Yerusalemu sanafune kunyamula yekha. Pa 2 Akorinto 8:18-21 akufotokoza kuti anayenda ndi m'bale wosankhidwa ndi mipingo, kuti pasapezeke wowanena. Lipoti la ndalama liwerengedwe pamaso pa gulu lonse, ngakhale litakhala ndi pochititsa manyazi. Ngati pali ndalama imene inasowa, nenani kuti inasowa. Kubisa kumangosamutsira mlandu kwa osalakwa.

Tibwere kwa atsikana a chaka choyamba aja. Mwati akukudyerani nthawi popeza musiyana posachedwa. Ndikumvetsa, koma taganizani mmene iwo akuonera. Mwana wachoka ku sekondale, mwina koyamba kukhala kutali ndi kwawo, akuchita lendi kachipinda kunja kwa sukulu, ndalama ya chakudya yatha mwezi usanafike pakati, anyamata a zaka zapamwamba akumuzungulira. Wasankha kugogoda pa chitseko chanu. Iye sakuwerenga miyezi imene yakutsalirani. Mphindi 30 zimene mungamupatse atha kuzikumbukira moyo wake wonse. Paulo anakhala pa chisumbu cha Melita miyezi itatu yokha, chifukwa ngalawa inasweka, ndipo chinthu choyamba chimene timamuona akuchita pa Machitidwe 28 ndi kutola nkhuni zoika pamoto. Anali wapaulendo, wandende, wonyowa, komabe anatola nkhuni.

Simungathe kusamalira onse, ndipo musayese. Sankhani awiri kapena atatu amene mwayenda nawo kale pang'ono. Idyani nawo nsima kamodzi pa sabata, popeza kudya mumadya kale. Koma chachikulu n'chakuti musawamangirire kwa inu. Nthawi iliyonse mukakumana nawo, itananiponi mlongo wina wa chaka chachiwiri kapena chachitatu amene mumamukhulupirira, kuti inu pochoka apeze kuti ali kale ndi pogogoda. Pali chinthu chimodzi chimene sichiperekedwa m'fayilo: zinsinsi za anthu. Ngati wina anakuululirani za mimba, za kugwiriridwa, za matenda, kapena za maganizo ofuna kudzipha, simungazipereke kwa wapampando watsopano ngati mmene mungaperekere makiyi. Pitani kwa mwiniwake, mumuuze kuti mukuchoka, mumufunse amene angafune kuti amuthandize, ndipo mumuperekeze kumeneko. Pa nkhani zoopsa moyo, wothandizayo akhale munthu wamkulu wodziwa ntchitoyo, mlangizi wa pasukulu, dokotala kapena abusa, osati wophunzira mnzake yekha.

(Ndinene mwapambali, popeza semesita yomaliza ili ndi matenda akeake. Ino ndi nyengo imene abale ena amayamba kulota maloto ndi kumva mawu akuti mlongo wakutiwakuti ndiye wawo. Mukamva zoti wa chaka chomaliza, makamaka wa m'komiti, akugwiritsa ntchito dzina la Ambuye pofunsira ana a chaka choyamba, musadikire komiti yatsopano. Imeneyo ndi ntchito yanu, ndipo ndi yosavuta kwa inu kuposa kwa amene akubwerayo, chifukwa m'baleyo ndi msinkhu wanu. Inunso akakufikirani ndi uthenga wotere, kuchedwa kuyankha si tchimo.)

Za chisankho, tsatani malamulo a gulu lanu monga alembedwera, ngakhale muli ndi munthu amene mtima wanu ukumufuna. Muli ndi ufulu wophunzitsa gulu za makhalidwe a mtsogoleri, kuchokera pa 1 Timoteo 3 kapena Tito 1. Mulibe ufulu wokonza zotsatira kuseri. M'gulu la mipingo yosiyanasiyana anthu amayang'anitsitsa: ngati apampando atatu otsatizana achokera mpingo umodzi kapena chigawo chimodzi, a CCAP, a Assemblies of God, a Anglican, a Baptist ndi ena onse amaona, ngakhale sanena. Thandizani gulu kuti lisangoyang'ana wodziwa kuyankhula pa maikolofoni. Ndani amafika msanga kudzakonza mabenchi? Ndani amakhoza m'kalasi popanda kubera? Ndani anabweza chenji atatumidwa? Ndani amalandira chidzudzulo osanyanyala? M'masabata asanu ndi limodziwa perekani mpata kwa angapo kuti atsogolere msonkhano wa komiti, phunziro la Baibulo, ulendo wokaona wodwala, inu muli pompo. Pa Numeri 27 Mose anauzidwa kuti aimike Yoswa pamaso pa wansembe Eleazara ndi khamu lonse, ndi kumupatsako ulemu wake, Mose adakali moyo. Ulemu umene gulu limakupatsani ndi chuma chimene mungagawe mudakalipo. Mukapita sichigawikanso.

Mwina wosankhidwayo sadzakhala amene munkamufuna. Mumuimike pamaso pa gulu ndi mtima wonse chimodzimodzi.

Tsopano gawo limene ambiri salikonzekera. Chisankho chikadutsa, mukhala ndi masabata pafupifupi khumi muli membala wamba. Apa pali maenje awiri. Ena amasoweratu: Lachitatu loyamba komiti yatsopano ikayang'ana m'chipinda, a chaka chomaliza onse kulibe, ndipo ana amaphunzirapo kuti munthu amapemphera akakhala ndi udindo basi. Ena sachoka pampando ngakhale anachoka. Amakhala kumbuyo akupukusa mutu, anthu akatuluka amawazungulira kudzadandaula za atsogoleri atsopano, iwo n'kumati "nthawi yathu sizinkatero". Atambala awiri salira m'khola limodzi. Wina akabwera kwa inu ndi nkhani ya gulu, muuzeni kuti wapampando ndi uje, ndipo ngati akuchita mantha mupite naye. Mukaona cholakwika, kambani ndi wapampando watsopano muli awiri, kamodzi, kenako mumusiye asankhe. Adzalakwitsa zina. Inunso munalakwitsa, gulu silinafe.

Bwerani pa mapemphero, khalani pa benchi, imbani, perekani chopereka, thandizani kunyamula zokuzira mawu. Kwa munthu amene wazolowera kuima kutsogolo, masabata amenewa amaulula zambiri. Mudzadziwa ngati munkakonda Yesu ndi anthu ake, kapena munkakonda kufunidwa. Ine zinandiwawa nditaona kuti mapemphero akuyenda bwino popanda ine, ndipo kuwawako kunandionetsa chimene chinali mumtima mwanga. Yohane 13 akunena kuti Yesu, podziwa kuti nthawi yake yochoka yafika, anakonda ake mpaka pa mapeto, ndipo chimene chikutsatira ndi beseni la madzi ndi nsalu yopukutira mapazi, pa tebulo pomwe panali Yudasi.

Ngati pali amene munayambana naye m'komiti, musanyamuke nazo. Dziko lathu ndi laling'ono. Amene mwasiyana naye mokwiya ku Zomba mudzamupeza pa desiki ku Capital Hill mukufuna siginecha. Koma ngakhale mukanakhala kuti simudzakumananso, kupepesa n'kofunika. Akuluakulu amati ukayenda siya phazi, usasiye mlomo.

Za nkhawa ya ntchito sindikupatsani malonjezo. Ambiri amamaliza digiri n'kukhala pakhomo nthawi ndithu, ndipo kukhala wapampando wa gulu lopemphera si chiphaso cholowera ntchito. Lembani makalata anu, funsirani, ikani tsiku limodzi pa sabata la zimenezo kuti zisamalowerere masiku ena onse. Koma yambaninso panopa kuganiza za mpingo umene mukalowe. Ambiri amene anali moto pa koleji amazirala chaka choyamba atachoka, chifukwa kumpingo palibe amene akuwadziwa, nyimbo ndi zina, ulaliki ndi wa pang'onopang'ono, ndipo amene ankatsogolera anthu mazana akupemphedwa kuphunzitsa ana asanu ndi awiri a Sande sukulu pansi pa mtengo. Kavomereni. Lemberani abusa a komwe mukupita musanafike, ndipo ngati mpingo wanu umapereka kalata yosamukira, itengeni. Mukadzayamba kulandira kangachepe, kumbukirani gulu lanu. Mabungwe a ophunzira amadalira kwambiri amene anadutsamo, pa ndalama ndi pa kubwera kudzaphunzitsa akaitanidwa.

Tsiku limene mwapereka fayilo, tulukani m'gulu la WhatsApp la komiti. Musadikire kuti akuchotseni, chifukwa adzachita manyazi kutero, ndipo adzatsegula lina mwakachetechete inu n'kumadabwa kuti bwanji kwazizira. Wapampando watsopano mumupatse nambala yanu, mumuuze kuti akafuna aimbe, ndipo akapanda kuimba musakhumudwe. Mayina a komiti yatsopanoyo alembeni kuchikuto cha Baibulo lanu, kuti muziwapempherera monga Samueli analonjezera pa 1 Samueli 12:23. Ndipo musanatseke sutikesi, yang'ananimo kawiri ngati mulibe buku la eni ake.